Samalani Nkhuni Zanu: Phunziro la Amayi a ku Kawale ndi ku Chinsapo

Wolemba ndi Mlangizi wa Zaulimi

Munthu akaima m'mbali mwa msewu wa ku Likuni mbandakucha, pafupi ndi Chinsapo, aona njinga zili kubwera mondondozana kulowa mu mzinda wa Lilongwe. Pa njinga zina asanjapo nkhuni mpaka kupitirira mutu wa mwini wake, ndipo zina zasenza matumba a makala awiri kapena atatu. Pa chitunda eni ake sakwera, angokankha, thukuta lili kamukamu ngakhale kuli chisanu. Ena a iwo anyamuka ndi usiku kuchokera kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, ulendo wa makilomita oposa 40. Pofika masana katundu yenseyo ali m'misika ya ku Chinsapo, Kawale, Biwi ndi Area 23. Njinga zina zilowa ndi misewu ina kunka ku Mgona ndi ku Area 25. Mawa lake zonsezo ndi phulusa.

Inu a kumudzi mungafunse kuti, "Nanga za anthu a m'tauni zitikhudza bwanji ife?" Zikukhudzani ndithu. Mitengo imene ipsa ku Kawale siimera ku Kawale, imera kwanu. Paja akulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Vuto limene amayi a m'tauni ali nalo lero lili pa njira kubwera ku mudzi wanu, ndipo m'midzi yambiri lafika kale.

Mmene zinthu zasinthira

M'chaka cha 1966 anthu a m'tauni ya Lilongwe sanakwane 20,000. M'chaka cha 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu a mumzindawu anali pafupifupi 1 miliyoni. Onsewa afuna nsima tsiku ndi tsiku. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti pa mabanja 100 alionse m'Malawi, oposa 90 aphikira nkhuni kapena makala.

Makala adya mitengo kwambiri. Pa uvuni wa dothi umene anthu aotchera makala, kilo imodzi ya makala ifuna makilo 5 kufikira 10 a mitengo. Chifukwa chake Dzalanyama, amene Boma linamuika kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922, anayamba kuyera, kotero kuti m'chaka cha 2015 Boma linatumiza asilikali kukamulonda. Mtsinje wa Lilongwe uchokera m'mapiri omwewo, ndipo ndiwo udzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde kumene mzinda umwa. Nkhalango ikatha, madzi a mvula salowa pansi, angothamanga ndi dothi. Dothilo likwirira madamu, ndipo zitsime ndi madimba ziuma msanga m'chilimwe.

Asilikali angathe kulonda nkhalango, koma sangalonde mafuwa a banja lililonse. Ntchito imeneyo ndi yathu.

Zimene ndinaona kwa alamu anga

Mwezi wa June chaka chatha ndinapita ku Lilongwe pa za ntchito, ndipo ndinagona kwa mkulu wanga ku Kawale. Madzulo ndinaona alamu anga ali kusonkha moto pakhonde. Anatenga tinkhuni titatu towaza, tonenepa ngati zala ziwiri, nalowetsa nsonga zake zokha m'mbaula ya dothi. Ine ndinaseka.

"Alamu, kodi kamoto kameneko kapsetsa nsima ya anthu asanu ndi awiri?"

"Khalani pansi muone, alamu," anatero iwo. "Inu a kumudzi musonkha moto ngati wootcha njerwa. Kuno nkhuni ndi ndalama. Mwauona utsi uli kwa anzathu apowo? Imeneyo ndi ndalama ili kuuluka."

Ndinakhala pansi ndi kuyang'ana. Ufa, madzi, mthiko, chipande ndi chivundikiro zinali pafupi moto usanayake. Madzi anawira msanga. Chikuni chikanyeka kunsonga, iwo anangochikankhira mkati pang'ono. Ataphula nsima, anatereka madzi otsukira mbale pa makala otsala, nazula zikuni zimene sizinathe ndi kuzizimitsa m'dothi kuti zigwire ntchito mawa. M'maso mwawo munalibe msozi wa utsi ngakhale umodzi.

Nditabwerera kumudzi ndinayang'ana moto wa amayi anga ndi maso atsopano. Zikuni zitatu zazikulu zinali kunyeka pa mafuwa otalikirana, malawi ali kutuluka mbali zonse za mphika kunka kudenga, utsi uli tolotolo m'khitchini. Amayi omwewo ndiwo adzuka tambala woyamba kukafuna nkhuni ndi kubwera dzuwa lili pamutu, khosi lili kuwawa ndi mtolo. Ndinachita manyazi, pakuti ine ndiphunzitsa anthu kusamala fetereza ndi mbewu, koma kusakaza kumene kunali m'khitchini mwa kwathu sindinakuone.

Pa moto wa mafuwa atatu wosonkha mwa chisawawa, kutentha kumene kulowa mumphika ndi gawo limodzi lokha kapena pang'ono kuposerapo mwa magawo khumi. Kwina konse kupita ndi mphepo. Ndiye kuti pa mitolo khumi imene mayi asenza, isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi aisenzera pachabe. Tsono nazi njira zisanu ndi imodzi zochepetsera kutaya kumeneku. Zambiri mwa izo sizilira ndalama.

1. Umitsani nkhuni

Mtengo wongodula kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauika pa moto, motowo uyamba waphika madzi a mumtengomo usanaphike nsima yanu. Ndicho chifukwa chake chikuni chachiwisi chilira, chituluka thovu kumbuyo, ndi kufuka utsi woyabwa m'maso. Utsi ndiwo nkhuni zimene zathawa osapsa.

Nkhuni zouma muzidziwa motere: zipepuka, zing'aluka kunsonga, khungwa lisendeka lokha, ndipo mukagundanitsa ziwiri zilira kuti ngwe. Zikalira kuti phu, sizinaume.

Sonkhanitsani nkhuni za dzinja mwezi wa August ndi September, dzuwa likali la mphamvu. Musaziunjike pa dothi, pakuti zikoka chinyezi ndipo chiswe chizilowa. Ikani miyala kapena mitengo iwiri pansi, musanje nkhuni pamwamba pake motalikirana kuti mphepo izipita pakati, ndipo mufolere pamwamba pokha. M'khitchini mangani nsanja cha pamwamba, kumbali kwa moto, pamene malawi safika. Nkhuni za mawa zigone pamenepo lero.

2. Wazani nkhuni

Chikuni chachikulu chinyeka kunja kokha, ndipo mkati mwake mungofuka. Chiwazeni kuti chikhale tinkhuni tonenepa ngati zala ziwiri kapena zitatu, totalika ngati kuchokera pa chigongono kufika ku zala. Tinkhuni totere tiuma msanga, tiyaka msanga, ndipo mungathe kuchepetsa kapena kuonjezera moto monga mufuna. Abambo, iyi ndi ntchito yanu. Nkhwangwa ya mphindi zochepa madzulo ipulumutsa akazi anu ulendo wa kuthengo.

Dziwaninso mitundu ya nkhuni. Mitengo yolemera monga muwanga ndi mthethe ikhalitsa pa moto ndi kusiya makala abwino, ndipo iyenera nyemba ndi chingowe. Mitengo yopepuka monga malaina, pamodzi ndi zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, iyaka msanga ndi kutha msanga, ndipo ikwanira tiyi, phala ndi ndiwo za masamba. Musataye chikuni cha muwanga pophika therere.

3. Konzani zonse musanayatse moto

Moto woyaka wopanda mphika ndi ng'ombe yakudya msipu osalima. Sendani, dulani, sankhani ndi kutunga madzi moto usanayake. Nyama ndi maungu zidulidwe tizidutswa. Nyemba, nzama ndi khobwe wouma muziviike m'madzi usiku wonse. Zoviika zipsa msanga kwambiri kusiyana ndi zouma.

Poyatsa, yambani ndi udzu wouma ndi timitengo tating'ono, kenaka tinkhuni. Ku tauni kwafala chizolowezi choyatsira moto majumbo ndi zidutswa za mphira. Musachitengere kumudzi. Utsi wa pulasitiki ndi poizoni, ndipo pulasitiki wosungunuka akadonthera pa dzanja achita chilonda chakuya.

4. Patsani moto mpweya, koma muutchinge ku mphepo

Moto upuma monga munthu. Mukadzaza nkhuni thothotho pansi pa mphika, utsamwa ndi kufuka. Tinkhuni tiwiri kapena titatu tikwanira. Lowetsani nsonga zokha, zigundane pakati, ndipo musiye mpata pansi pake kuti mpweya ulowe. Olani phulusa m'mawa uliwonse, chifukwa phulusa likachuluka litseka njira ya mpweya. Lawi loyera lopanda utsi ndicho chizindikiro chakuti moto uli kudya bwino.

Koma mphepo ya kunja ikamaomba pa mafuwa, ikankhira malawi kumbali ndipo mphika utsala wozizira. Mankhwala ake ali pa chulu. Kandani dothi la pa chulu ndi mchenga pang'ono, mumate kakhoma kolumikiza mafuwa anu mbali ziwiri, musiye khomo limodzi lolowetsera nkhuni. Kakhomako kasafike pa mphika penipeni. Musiye mpata wa chala chimodzi pozungulira kuti utsi uzituluka ndi kuti moto uzinyambita m'mbali mwa mphika. Siyani dothi liume masiku angapo musanasonkhepo moto. Likang'ambika, matani.

5. Mphika ukhale pafupi ndipo ukhale wovundikira

Mafuwa ambiri ndi aatali kwambiri. Mphika ukhale pamwamba pa nkhuni monga utali wa chikhatho, pamene nsonga za malawi zigunda pansi pake. Ukatalika, kutentha kuthawa. Ukatsika kwambiri, moto utsamwa. Mphika wa pansi potambalala ulandira moto wambiri kusiyana ndi wopapatiza.

Vundikirani nthawi zonse. Ngati chivundikiro palibe, mbale ikwanira. Thirani madzi okwanira basi, pakuti madzi alionse oonjezera afuna nkhuni zake.

Tsono mverani ichi, chifukwa ambiri alakwa pomwepa. Madzi akawira afika pa malire a kutentha kwake. Ngakhale muonjeze nkhuni khumi, sangatenthe kuposa pamenepo. Angosanduka nthunzi ndi kuphwa, ndipo inu muthiranso ena ozizira. Nyemba zobwadamuka mwa ukali ndi nyemba zowira pang'onopang'ono zipsa nthawi imodzi. Chotero mphika ukawira bwino, zulani chikuni chimodzi kapena ziwiri.

6. Malizani kuphika popanda moto

Tengani dengu kapena dzenje louma, muyalemo udzu wouma wambiri, masamba ouma a nthochi kapena nsanza zoyera, mokhuthala ngati chikhatho pansi ndi m'mbali. Wiritsani nyemba zoviika kwa theka la ola. Phulani mphika uli wovundikira, muuike m'dengumo msanga, mufunditse pamwamba ndi kusiya osatsegula. Mukachita zimenezi m'mawa popita kumunda, pobwera masana mupeza nyemba zafewa ndipo zikali zotentha. Chotsala ndi kuziwiritsanso pang'ono ndi kuthira mchere ndi tomato. Mpunga ufuna kuwira mphindi zochepa zokha usanalowe m'dengu.

Za Chitetezo Mbaula

Mbaula imene ndinaona kwa alamu anga ndiyo itchedwa Chitetezo Mbaula. Iumbidwa ndi dothi la mtapo ndi kuotchedwa mu uvuni monga mphika. Inayambira ku Mulanje, ndipo tsopano magulu a amayi aiumba m'maboma ambiri. Ili ndi khomo limodzi la nkhuni, timitu tokhazikapo mphika, ndi zogwirira kuti muinyamule kunka nayo pakhonde kapena pa mthunzi. Wogwiritsa bwino apulumutsa pafupifupi mtolo umodzi pa mitolo itatu iliyonse. M'chaka cha 2013 Boma linalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'mabanja pofika 2020, ndipo chiwerengerocho chinakwana. Komabe mabanja ambiri akali pa mafuwa.

Pogula, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino ilira ngati mphika wabwino, koma yong'aluka kapena yosapsa ilira mogontha. Musaithire madzi ili yotentha, musaisiye pa mvula, ndipo musakanikizire chikuni chachikulu pa khomo lake. Iliponso mbaula ya njerwa ndi dothi yomangira m'khitchini momwemo, imene alangizi ndi mabungwe aphunzitsa m'midzi.

Koma ndikuchenjezeni. Mbaula si mankhwala a ulesi. Mukaidzaza nkhuni zaziwisi ifuka monga mafuwa omwe. Mayi wosamala pa mafuwa omata aposa mayi wosasamala pa mbaula yatsopano.

Utsi ndi moyo wa ana

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 3 miliyoni anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba, monga chibayo, chifuwa chosatha ndi matenda a mtima. Opuma utsi wambiri ndi amayi ndi ana a kumsana. Yang'anani mwaye uli kudenga la khitchini yanu. Umene mwauonawo ndi umene unaphonya mphuno zanu.

Ku Chikwawa ndi ku Karonga madokotala anachita kafukufuku wamkulu pa ana oposa 10,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2016. Anapeza kuti m'mabanja amene analandira mbaula zamakono ana opsa ndi moto anachepa, koma chibayo sichinachepe. Phunziro lake ndi lakuti mbaula yokha siichotsa utsi wonse umene mwana apuma. Chotero phikirani panja kapena pakhonde nyengo ikalola. Khitchini ikhale ndi zenera, ndiponso mpata pakati pa khoma ndi denga. Mwana wakhanda mum'patse wina am'gwire kutali ndi utsi pamene muli kusonkha moto.

Kuotha moto m'nyengo yachisanu

Mwezi wa June ndi July kuzizira kwambiri ku Lilongwe, Dedza, Dowa ndi Ntchisi, ndipo banja lifuna kuotha. Pamenepa chikuni chachikulu chouma chili ndi ntchito, pakuti chinyeka pang'onopang'ono. Otherani malo otchingika ku mphepo, ndipo mugwiritse moto womwewo umene mwaphikira m'malo mosonkha wachiwiri. Mbaula ya dothi isunga kutentha nthawi yaitali moto utazima.

Koma musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chogona ndi kutseka chitseko ndi mazenera. Makala atulutsa mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka agona tulo tosadzuka nato. Nyumba za njerwa ndi malata zotseka bwino, zimene zachuluka m'tauni ndi m'midzi momwe, ndizo zoopsa koposa, chifukwa mpweyawo usowa potulukira. Tulutsani mbaula musanagone. Mukapeza munthu wakomoka m'nyumba mmene muli makala, tsegulani zitseko, mum'tulutsire panja pa mphepo, ndipo muthamange naye ku chipatala.

Musasiye mwana wokwawa yekha pafupi ndi moto. Wodwala khunyu asakhale pa moto popanda wom'yang'anira. Phulusa lizizire lisanatayidwe, makamaka mwezi wa October pamene udzu ndi madenga zauma. Lozizira lithireni pa mulu wa manyowa kapena m'chimbudzi kuti fungo lichepe.

Limani nkhuni monga mulima chimanga

Kusamala kokha sikukwanira ngati sitibzala. Nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 December kufikira pa 15 April chaka chilichonse, koma mitengo yobzala ndi mvula yoyamba ndiyo igwira bwino. Keshya ndi gilisidiya zikula msanga, ndipo mukazidula ziphukanso. Masamba a gilisidiya ndi manyowa, nthambi zake ndi nkhuni. Nandolo akupatsani ndiwo, akonza nthaka, ndipo mitengo yake iyaka bwino m'Chitetezo Mbaula. Bulugamu mum'bzale kutali ndi munda, dimba ndi chitsime, pakuti amwa madzi ambiri.

Njira ina yosalira mbande ndiyo kusamala zitsa zimene ziphukira zokha m'munda. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa chilichonse, mudule zinazo. Mizu ili kale pansi, chotero zikula msanga kuposa mtengo wobzala. Pofuna nkhuni sadzani nthambi, thunthu mulisiye.

Mapesi ndiwo ndikupemphani kuti muwasiye m'munda. Ndidziwa kuti nkhuni zikasowa mayi alibe kuchitira mwina. Koma mapesi ndi chofunda cha nthaka, ndipo wootcha mapesi aphika nsima ya chaka chino ndi chonde cha chaka chamawa.

Yesani nokha

Sindikupemphani kuti mukhulupirire mawu anga okha. Mangani mitolo iwiri yofanana. Woyamba muphikire monga mwa masiku onse, ndipo muwerenge masiku amene utha. Wachiwiri muuwaze, muuumitse, mumate mafuwa, muvundikire mphika ndi kuzula zikuni mukatha kuphika. Werenganinso masiku. Kwathu tinachita zomwezi, ndipo amayi anga, amene poyamba anati, "Mwana wanga, ndinayamba kuphika iwe usanabadwe," ndiwo tsopano aphunzitsa anzawo kumata mafuwa.

Mukaona kusiyana kwake, kauzeni anzanu ku chitsime, ku mpingo ndi ku gulu la alimi. A mfumu ndi a komiti ya nkhalango ya m'mudzi aikepo mtima pa nkhaniyi. Amene afuna kudziwa kumene kuli gulu loumba mbaula, kapena kumene angapeze mbewu za mitengo, afunse mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa kwawo. Amayi a ku Kawale ndi ku Chinsapo anaphunzira kusamala nkhuni chifukwa chogula. Inu phunzirani mitengo ikalipo.